Mwandifunsa za ntchito ya zinyalala ku khonsolo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene wangomaliza maphunziro a zachilengedwe. Wapeza ntchito ku khonsolo, ku ofesi yoona za zinyalala, koma abale ake akumuseka kuti sukulu yonse ija mathero ake n'kukatola zonyansa. Iye mtima wake uli pa recycling, kukonzanso zinthu zotayidwa kuti zigwirenso ntchito, ndiye akufunsa ngati ailowe ntchitoyi kapena adikire ina.

Achemwali, kalata yanuyi yandibaya pamtima, chifukwa mawu akukunenaniwo ine ndakhala nawo zaka zambiri. Ukanena kuti umagwira ku khonsolo, anthu amagwedeza mutu mwaulemu. Ukangowonjezera kuti ku zinyalala, nkhope zimasintha. Koma galimoto ikangojomba sabata imodzi, omwewo ndi amene amakuimbira foni kusanache, ntchentche zitadzadza pakhomo.

Nanenso ndinalowa ndi maloto ngati anuwo. M'maso mwanga ndinkaona mabini amitundumitundu atandanda mumsewu, ili la mapepala, ili la mabotolo, ilo la zotsala za chakudya. Nditangoyamba, bwana wanga sanandionetse ofesi, ananditengera kuyadi koimikako magalimoto. Ena anali atakhazikidwa pamiyala opanda matayala, udzu utamera pansi pake. Imodzi inali yatsopano ndithu, ya mtundu wopsinja zinyalala uja, koma paipi yake ya mafuta inali itaphulika, sipeya yake yochita kuitanitsa kutali. Makaniko wina wachikulire, manja ali bii ndi girisi, anandifotokozera chifukwa chake. Galimoto zopsinjazi anazipangira zinyalala zouma ndi zopepuka, makatoni ndi zitini. Ukazipakira zonyowa, zosakanikirana ndi mchenga ndi phulusa, mchengawo umadya zitsulo zake, madzi owola aja n'kumadyanso pansi, kulemera n'kumathyola masipuling'i. Thirakitala yakale yokoka ngolo, imene aliyense ankainyoza, ndiyo inkatuluka tsiku lililonse osadwala.

Kuyambira pamenepo m'mawa wanga wakhala wowerenga magalimoto amene alira, kufunsa za dizilo, kuona amene wabwera ndi amene wadwala, kenaka kusankha dera limene lero tilikhumudwitse. Kusankha kumeneko n'kumene kumandipweteka mpaka pano. Msika sungaudumphe, chipatala sungachidumphe, ndiye amene amatsala ndi anthu a m'makomboni momwe msewu ndi wopapatiza, amene alibe nambala ya foni ya bwana aliyense. Zinyalala zawo zimathera mu ngalande, mvula ikabwera madzi n'kulowa m'nyumba, kolera n'kutsatira.

Musaganize kuti ndi vuto la khonsolo imodzi. Lipoti la World Bank la 2018 linati m'chaka cha 2016 dziko lonse linatulutsa zinyalala zolemera matani 2.01 biliyoni, ndipo pofika 2050 zidzafika matani 3.4 biliyoni. Malinga ndi lipotilo, m'mayiko osauka, zimene zimatoledwa m'mizinda ndi 48 peresenti yokha, kunja kwa mizinda 26 peresenti, chonsecho ntchitoyi imadya pafupifupi 20 peresenti ya bajeti ya makhonsolo. Theka la zinyalala za mumzinda silikwera n'komwe galimoto.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima munthu akabwera ndi mapositala a recycling kutola kusanalongosoke. Ndinaonapo bungwe lina likugawa mabini atatuatatu pakhomo, kuphunzitsa amayi kusiyanitsa zinyalala, kujambulitsa zithunzi. Amayi aja anachitadi, mokhulupirika. Tsiku lotola litafika kunabwera galimoto imodzi, anyamata n'kukhuthulira mabini onse atatu malo amodzi, eni ake akuona. Kodi mayi ameneyo mudzamuuzanso chiyani chaka chamawa? Amene anakonza zimenezo anawononga chinthu chovuta kuchibweza, ndipo sindiwakhululukira msanga.

Recycling ndi malonda, achemwali. Botolo silikonzedwanso chifukwa choti mwaliika m'bini lobiriwira. Pafunika wogula, mtengo wa pa kilogalamu, makina olipsinja m'mabelo, ndi galimoto yolifikitsa ku fakitale mtengo wa ulendo usanapose phindu. Zitini za aluminiyamu sizigona pansi chifukwa kuzisungunula kumapulumutsa pafupifupi 95 peresenti ya magetsi amene akanapita popanga zatsopano. Mabotolo apulasitiki a zakumwa olembedwa nambala 1 yosonyeza mtundu wa pulasitikiyo ndi zigubu zolimba za nambala 2 ogula ake amapezeka. Timapepala tapulasitiki topyapyala ndi matewera a ana palibe amazifuna. Bungwe la mayiko loona za chuma la OECD linapeza mu 2022 kuti pa pulasitiki yense wotayidwa padziko, 9 peresenti yokha ndi imene imakonzedwanso. Ndipo China itasiya kulandira zinyalala zambiri zakunja mu 2018, ngakhale mizinda ya ku America, Ulaya ndi Australia inatsala ndi mabelo osowa kopita. Ngati olemera anagwira njakata, ife tisamanamize anthu kuti bini lamtundu ndiye mankhwala.

Chimene chimandidabwitsa n'choti chuma chenicheni timachiponda. M'mayiko osauka zoposa theka la zinyalala ndi zowola: makoko, masamba, zotsala za chakudya. Zimenezi n'zimene zimalemetsa galimoto, zimanunkha, ndiponso zikakwiririka mumulu zimatulutsa mpweya wa methane umene umayatsa moto kumtaya. Mukazipatula pamsika pomwepo n'kupanga manyowa, mwachepetsa maulendo a galimoto musanagulitse ndi thumba limodzi lomwe.

Ndatchula kumtaya, ndiye ndilankhulepo za anthu a kumeneko, chifukwa ofesi zathu zimawatenga ngati akuba. Kuli mayi wina amene ndinkamupeza atamanga nsanza kumanja m'malo mwa magolovesi, ndodo yokhota kumutu ili m'dzanja. Pulasitiki amamudziwa pongomufinya ndi kumva kulira kwake, uyu aponye uku, uyo uko, osayang'ananso nambala. Mitengo ya sabata imeneyo amaidziwa kuposa aliyense wa ife ovala mataye. Recycling imene mukuilotayo anthu awa anaiyamba kale, popanda malipiro, popanda katemera, akubayidwa ndi majakisoni ndi magalasi. Mzinda wa Pune ku India unapangana ndi gulu lawo lotchedwa SWaCH kuti azitola khomo ndi khomo, ndipo Bogotá ku Colombia anayamba kuwalipira mu 2013. Khonsolo imene imawathamangitsa n'kupereka ntchito yonse kwa kampani imodzi ikulanda chakudya pakamwa pa osauka, ndipo ine ndimatsutsa zimenezo poyera m'misonkhano.

Mtaya wosasamalidwa umapha. Mu Malichi 2017 mulu wa zinyalala wa Koshe ku Addis Ababa unagumuka n'kupha anthu oposa 100. Chaka chotsatira zinachitikanso ku Hulene, ku Maputo, ndipo mu Ogasiti 2024 ku Kiteezi, ku Kampala, kunafa anthu oposa 30. Milu imeneyi imakwera pang'onopang'ono anthu akuona, popanda woisalaza, woikwirira ndi dothi, kapena wokumba ngalande zochotsa madzi. Ndiye wina akamati ntchito yanu ndi yotola zonyansa, dziwani kuti munthu wokhala pampando umene akukupatsaniwo ndi amene amayenera kuletsa zoterezi.

Za andale ndingonena mwachidule. Khansala amakonda tsiku losesa chifukwa pamakhala makamera, koma ukapempha ndalama ya matayala amayang'ana kumbali. Muzolowere kupempha chinthu chimodzi kambirimbiri osatopa.

Tsono muilowe kapena ayi?

Ilowani. Masabata oyamba kwerani galimoto limodzi ndi anyamata otola, muone njira ndi maso anu. Menyerani nkhondo majombo, magolovesi ndi katemera wa kafumbata ndi wa matenda a chiwindi a hepatitis B kwa aliyense wogwira zinyalala. Recycling muiyambe pamsika umodzi ndi manyowa, ndipo musauze munthu kuti asiyanitse chinthu chimene simunachipezere wogula ndi galimoto yake. Ngati kumtaya kulibe sikelo, ikani munthu pageti ndi kabuku azilemba galimoto iliyonse yolowa, kumene yachokera ndi mmene yadzazira. Manambala amenewo ndi amene mudzapite nawo ku msonkhano wa bajeti pokapempha dizilo ndi masipeya.