Mwaika RAM ya 8GB koma Windows ikugwiritsa ntchito 3GB yokha

Achimwene, mwati mwaika RAM (memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ziwiri za 4GB mu laputopu yanu, koma Windows 10 ikulemba kuti "8.00 GB (3.24 GB usable)", ndiye mukufunsa ngati anakugulitsani yakufa. Musathamangire kukakangana ndi wogulitsa. Kompyuta yaziona zonse ziwiri, n'chifukwa chake yalemba 8. Chikuvuta n'choti Windows ikulephera kuzigwiritsa ntchito zonse.

Lowani mu Settings, System, kenako About, muwerenge mzere wa System type. Ine ndikuganiza kuti mupeza "32-bit operating system, x64-based processor". Ngati ndi choncho, vuto lagona pamenepo. Windows ya 32-bit siingapyole 4GB chifukwa manambala amene imalozera malo mu memory amathera pomwepo. Komanso pa 4GB yomweyo, gawo lina limatengedwa ndi graphics ndi zipangizo zina za pa motherboard, moti yotsala imakhala 3GB ndi kanthu. Ngakhale mutaikamo 16GB, nambalayo siisuntha. Izi zimachitika kawirikawiri pa malaputopu a kaunjika, poti amisiri ena ali ndi flash imodzi yakalekale imene amaikira Windows pa makina alionse obwera.

Njira yake ndi kuika Windows ya 64-bit mwatsopano. Palibe update yokuchotsani pa 32 kupita pa 64, ndiye yambani mwakopera mafayilo anu onse kwina. Mufunika flash ya 8GB ndi Media Creation Tool ya Microsoft (pulogalamu yoikira Windows pa flash), ndipo layisensi imene muli nayo igwirabe ntchito bola muike mtundu womwewo, Home kapena Pro. Batire likhale lodzadza, magetsi angakuthimireni ntchito ili mkati. Wina akakuuzani za "PAE patch" yoti 32-bit izitha kuona RAM yonse, musamumvere. Imasokoneza ma driver (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta), kompyuta n'kumangosiya kugwira ntchito.

Koma mwina mupeza kuti ndi 64-bit kale. Zikatero dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani msconfig, pitani pa Boot, Advanced options. Pali kabokosi kolembedwa Maximum memory. Ngati kachongedwa, chotsani chizindikirocho n'kuyatsanso kompyuta. Anthu amakachonga poganiza kuti makina athamanga, pomwe kamangotsekereza RAM.

Zikapanda kusintha, tsegulani Task Manager, Performance, Memory, muone Hardware reserved. Ikakhala ma MB ochepa palibe chodetsa nkhawa. Ikafika ma GB angapo, zimitsani, chotsani chaja ndi batire, zulani RAM zonse. Pukutani mano agolide a RAMzo ndi kansalu kouma, ndipo pobwezera ilowe mopendekeka mpaka mano asaonekenso, kenako muitsindike mpaka timawaya ta m'mbali tilire kuti "ka". Yesani imodziimodzi pa slot (malo olowetsamo RAM) iliyonse, mudziwa ngati yavuta ndi RAM kapena slot. Werenganinso zolembedwa pa sitika yake: PC3 ndi ya 1.5V, PC3L ndi ya 1.35V, ndipo malaputopu ena amafuna PC3L basi.

Pali makina ena akale, a m'ma 2006 okhala ndi chipset ya Intel 945, amene amathera pa 3GB ndi kanthu ngakhale muike 64-bit. Anuwo sindikuganiza kuti ali m'gulu limenelo poti aonetsa 8GB. Tatumizani chithunzi cha tsamba la About lija limodzi ndi model ya laputopuyo tione.