Funsani Dokotala: Mwendo wayambanso kufooka, kodi poliyo yabwerera?

Adokotala, ndine bambo wa zaka 43, ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare. Ndinadwala poliyo ndili ndi zaka zitatu kwathu ku Dedza. Mwendo wamanzere unawonda, ndimayendera chitsulo ndi ndodo. Ndimakonza mafoni m'tauni. Kwa zaka ziwiri tsopano ndikumatopa msanga, bondo la mwendo wabwinowu likuwawa, phewa nalonso, ndipo mwendo wolumalawo ukuzizira ndi kufooka kuposa kale. Ndimamwa mapiritsi opha ululu a diclofenac ogula kwa anyamata apamsika, awiri m'mawa, awiri madzulo. Kodi matendawa abwerera? Ndafunsa chifukwa pali mayi amene ndikufuna kumanga naye banja, koma amalume ake akuti kwathu n'kumtundu kwa opunduka, ndidzawaberekera ana okwawa.
Wodandaula, Mufakose

Achimwene, bondo ndi phewa tikambirana, koma chimene chikukusowetsani tulo ndi mawu a amalumewo, ndipo ndikuona kuti mwayamba kuwakhulupirira pang'ono. Ndiyambe ndi pamenepo. Poliyo si yakumtundu. Mwana wanu sangabadwe nayo, ndipo mayiyo simungamupatsire.

Poliyo imayamba ndi kachilombo kamene kamalowera pakamwa, kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali nako. Kamaswana m'matumbo, ndipo pakatha masabata angapo thupi limakachotsa. Kanu kanachoka muli mwana. Chimene chinatsala ndi chipsera m'mitsempha ya m'fupa la msana imene imalamula minofu, ndipo chipsera sichilowa mu umuna.

Pali chinthu china chimene amalume sakudziwa. Mwa anthu pafupifupi 200 amene atenga kachilomboka, mmodzi yekha ndiye amalumala. Ambiri samva chilichonse, ena amangotentha thupi masiku awiri basi. Ndiye kuti chaka chimene munadwala, ana ambirimbiri a m'mudzi mwanu anali nako, amene munkasewera nawo pamtsetse ndi kumwera nawo chikho chimodzi. Iwo anadutsa, inu kanakufikani kumsana. Aliyense amene anakula katemera asanafike paliponse, amalume omwewo ndithu, mwina anakhalapo nako osadziwa. Tikati tizisala mtundu umene munalowa poliyo, sipatsala wokwatira.

Ndikudziwa yankho limene amabwera nalo akuluakulu: nanga bwanji kwa auje analumala ana awiri nyumba imodzi? Ankamwa chitsime chimodzi, ankadyera mbale imodzi, ndipo onse sanalandire katemera. Alipo matenda oyendadi m'magazi a banja, monga sickle cell, ndipo amenewo timawauza anthu poyera asanakwatirane. Poliyo siili m'gulu limenelo. Kumbukirani za mu February 2022, pamene boma la Malawi linalengeza kuti kamtsikana ka zaka zitatu ka ku Lilongwe kapezeka ndi poliyo, koyamba m'dzikolo chichokere 1992. Atakayeza kachilomboko anapeza kuti n'kofanana ndi kamene kankazungulira ku Pakistan. Kanawoloka nyanja m'mimba mwa anthu apaulendo mpaka kukafika kwa mwana amene makolo ake analibe nako ubale uliwonse.

Ngati amalume akuderadi nkhawa ana a mphwawoyo, aziyang'ana khadi la kusikelo. Kuno ku Harare kachilombo ka poliyo kanapezeka m'madzi a zimbudzi mu 2023, n'chifukwa chake mu 2024 azaumoyo ankayenda m'makomo ndi m'masukulu kudontheza katemera m'kamwa mwa ana osakwana zaka 10. Inu mumadziwa mmene mipope ya zimbudzi imaphulikira m'malokeshoni mwathumu, ana n'kumasewera pomwepo. Mwana wa bambo wamiyendo iwiri yolimba amene sanabayitse ali pangozi. Mwana wanu amene wamaliza katemera ali bwino.

Funso limene simunalembe ndiliyankhenso, poti amuna mumachita nalo manyazi. Poliyo imawononga mitsempha yoyendetsa minofu yokha. Nzeru, kumva kukhudza, mphamvu za m'nyumba ndi kubereka sizikhudzidwa. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, pa gawo 56, amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, koma tonse tikudziwa kuti lamulo silikhala nawo pamphasa ya ankhoswe, ndipo silimuimitsa kondakitala wa kombi amene waona ndodo n'kuuza dalaivala kuti tiyeni. Chimene chimagwira ntchito pamphasa ndi mayiyo kudziwa zoona n'kuima nazo. Pitani naye kuchipatala, afunse yekha, amve ndi makutu ake. Amalume ambiri amafewa mwana wa mlongo wawo akalankhula mosagwedera.

Tsopano za thupi. Sindingakuyezeni pakalata, koma zimene mwafotokozazi zikufanana ndi vuto limene timalitchula kuti post-polio syndrome. Limabwera pakatha zaka 15 mpaka 40 kuchokera pamene munthu anadwala. Si kachilombo kamene kadzuka, ndipo silipatsirana. Mitsempha ina itafa muli mwana, yotsalayo inatenga minofu yamasiye n'kumailera, ngati gogo amene watsala ndi zidzukulu khumi. Yagwira ntchito imeneyo zaka makumi anayi, tsopano yatopa. Bondo ndi phewa ndi nkhani ina: bondo limodzi lakhala likusenza thupi lonse, phewa lakhala likugwira ntchito ya mwendo.

Koma achimwene, zaka ziwiri? Foni ya kasitomala ikayamba kutentha simudikira zaka ziwiri. Ndikumvetsa kuti ulendo wa kuchipatala kwa inu ndi tsiku lathunthu lopanda ndalama, ndiponso kuti mwina munakumanapo ndi wazaumoyo amene anangoyang'ana mwendo n'kunena kuti izi n'zakale. Komabe diclofenac anayi tsiku lililonse kwa nthawi yonseyi amaboola m'mimba, amawononga impso, amakweza BP. Diclofenac wapamsika, amene wakhala padzuwa m'chikwama, simudziwa n'komwe mphamvu yake. Choipa china n'chakuti amatseka ululu, inu n'kumapitiriza kupondera bondo limene likupempha kupuma. Musiyeni. Ululu ukavuta imwani paracetamol motsatira zolembedwa papaketi mpaka muonane ndi dokotala.

Yambirani kukiliniki ya kwanuko, mupemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu, Sally Mugabe Central kapena Parirenyatwa, kwa adokotala a mafupa ndi kwa a mafizo. St Giles ku Milton Park ndi chipatala cha boma cha ku Ruwa nawonso ntchito yawo ndi yomweyi. Nenani poyambirira kuti munadwala poliyo muli mwana ndipo mphamvu zikuchepa, musangoti bondo likuwawa, chifukwa angokupatsani mapiritsi ena n'kukubwezani. Palibe kuyeza kumodzi kosonyeza post-polio syndrome, ndiye dokotala amayamba wachotsa zina zofooketsa munthu: kuchepa kwa magazi, shuga, chithokomiro, HIV, mtsempha wopanikizika kumsana. Kwa inu ayezenso impso ndi BP chifukwa cha mapiritsi aja. Tengani paketi yake mukawaonetse.

Chitsulo ndi ndodo mupite nazo. Ndimaona anthu akuyendera chitsulo chimene anapimitsa ali anyamata, zikopa zitatha, chomangidwa ndi waya pabondo, ndodo mphira wake unadyeka kalekale moti imaterereka pasimenti. Thupi linasintha, chitsulo sichinasinthe, ndipo kusiyana kumeneko kumathera pabondo ndi pamsana. Nthawi zambiri kupimanso chitsulo, kukweza nsapato ndi kusintha ndodo kumachotsa ululu umene mapiritsi analephera. Akakuuzani kuti paulendo wautali muzikwera njinga ya olumala, musakane msanga. Imasunga mapewa amene mukuwafunabe zaka zambiri zikubwerazi.

Anzanu akuuzani kuti mulimbitse mwendo ndi majimu. Pavuto ili kukakamiza minofu yotopa kumaifooketsa kwambiri. A mafizo akupatsani zochepa zoyenera thupi lanu, ndi kupuma pakati. Pabenchi yanu ya mafoni khalani pampando wotsamira, mwendo uzikhala wofunda makamaka m'chisanu cha June ndi July, ndipo musalole thupi kunenepa, poti kilo iliyonse ikutera pabondo limodzi. Tsiku lina mukadzafunika opaleshoni iliyonse, dokotala wogonetsa adziwe za poliyoyo, chifukwa mankhwala ena amagwira mwamphamvu pa anthu ngati inu.

Musadikire tsiku la kalata ngati chimbudzi chayamba kutuluka chakuda ngati phula, ngati mwasanza magazi, mapazi atupa, chakudya chikukutsamwani, kapena mukubanika mukagona chagada n'kumadzuka mutu ukuwawa. Zimenezo n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo.