Amayi, ndalama za dryer yatsopano zisungeni kaye

Amayi, funso limene mwafunsa m'gulu muno ndaliwerenga. Mwati dryer yanu youmitsira zovala ikuzungulira bwinobwino koma zovala zikutuluka zonyowa ndi zozizira, ndipo vutoli linayamba tsiku limene malaiti anapita makina ali mkati mogwira ntchito. Mukufunsa ngati mugule ina, nanga yamtundu wanji, poti matewera a mwana ndi mayunifolomu sakuuma ndi mvula ya dzinja lino. Ine ndimagwira ntchito yochapa pa malo ena ogona alendo kuno ku Chipata, ndiye makina amenewa ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Ndikukupemphani kuti musathamangire kusitolo. Ngati dramu ikuzungulira ndiye kuti mota ili moyo, lamba ali bwino, ndipo chimene chaima nthawi zambiri chimakhala kanthu kakang'ono.

Mkati mwa dryer muli elementi imene imatentha, ndi fani imene imakoka mpweya kuti udutse pa elementiyo, ulowe m'zovala, kenako utuluke ndi chinyontho kudzera pa kasefa ndi paipi. Pafupi ndi elementi opanga anaikapo kachipangizo kotetezera moto. Kutentha kukapyola muyezo, kameneka kamadula magetsi opita ku elementi yokha, mota n'kumazungulirabe ngati palibe chachitika. Tsono malaiti akapita mwadzidzidzi, fani imaima pompo elementi ikadali yofiira. Kutentha konseko kumasowa kolowera, kachipangizoko n'kudula. Chimachitikanso chimodzimodzi munthu akamakonda kutsegula chitseko pakati pa ntchito kuti aone ngati zauma. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi zimenezi.

Koma musanafune batani lodzutsira kachipangizo kodula magetsi kaja, yambani ndi njira ya mpweya, chifukwa dryer yotsekeka m'njira ndi imene imafulumira kudula. Zulani pulagi kukhoma, osati kungothimitsa pa switchi. Tulutsani kasefa ka pachitseko, muchotse ubweya wa zovala umene wamatirira, ndipo mukayang'ane kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa bwino, katsukeni ndi madzi ofunda ndi kaburashi, chifukwa mankhwala ofewetsa zovala amasiya phula losaoneka limene limatseka timabowo. Kenako pisani dzanja m'dzenje limene kasefayo kamakhalamo. Mudzadabwa. Mmenemo mumatuluka ubweya wotuwa wogundana ngati bulangete lakale, nthawi zina pamodzi ndi makobiri, mabatani a malaya ndi timapepala ta m'matumba a ana. Paipi ya kumbuyo ichotseni yonse, muigwedeze panja. Kwathu kuno dryer imakhala osagwira ntchito kuyambira Meyi mpaka Okutobala popeza dzuwa limatikwanira, ndipo m'miyezi imeneyo makoswe amamanga chisa m'paipi, ena n'kudya mawaya. Mukamva fungo la mkodzo wa khoswe kapena mukaona waya wolumidwa, imani pomwepo muitane mmisiri. Onaninso kuti paipiyo sinapindike chifukwa chokankhira makina kukhoma.

Njira ikayera, asiyeni makina azizire kwa theka la ola, pulagi ili yozula. Ma dryer ena, makamaka akale a chopotokola chamanja, ali ndi kabatani kofiira kumbuyo. Kadineni ndi chala mwamphamvu pang'ono. Ngati kanadula mumva kulira kwa "tiki" ndipo kamalowa. Bwezerani pulagi, muyatse opanda zovala, ndipo pakapita mphindi zisanu tsegulani mugwire mkati. Amakono a mabatani ndi timagetsi ambiri alibe kabatani kameneka. Amenewo mumawazula kukhoma kwa mphindi 10 kuti bongo wake uiwale pamene unasokonezekera, kenako mumasankha pulogalamu mwatsopano. Onetsetsani kuti simunasankhe ya mpweya wozizira wokha, ndiponso kuti mwana sanadine loko, chifukwa izi zimanyenga anthu ambiri.

Ngati kabatani kulibe ndipo kutentha sikunabwerere, ndiye kuti mwina muli fyuzi ya kutentha imene ikapsa yapsa, kapena thermostat, kachipangizo koyang'anira muyezo wa kutentha, kapena elementi yaduka. Apa ndi pa mmisiri, ndipo ayeze ndi mita yake inu mukuona asanakuuzeni chogula. Chinthu chimodzi ndikuchondererani ndi mtima wonse: mmisiri akanena kuti angolumikiza ndi waya podumpha fyuziyo kuti muzigwiritsa ntchito podikira sipeya, mukane. Makina adzatenthadi, inu n'kusangalala, koma mwachotsa mlonda yekhayo amene amaletsa ubweya uja kuyaka. Ndipo kabatani kakamadula kawirikawiri musamangokadina. Kakukuuzani kuti penapake mpweya sukudutsa kapena thermostat yatopa.

Mavuto ena ndingowadutsa mwachangu, mwina athandiza ena m'gulu muno. Dryer yosayaka n'komwe, yambani ndi fyuzi ya 13 amp ya m'pulagi, soketi, ndi kaswitchi ka pachitseko. Mota ikamalira koma dramu osazungulira, zulani pulagi muzungulitse dramuyo ndi dzanja: ikamapepuka kwambiri lamba waduka, ikamalemera monga mwa nthawi zonse kawirikawiri ndi capacitor imene imathandiza mota kuyamba kuzungulira, ndipo imeneyo musaigwire nokha chifukwa imasunga magetsi ngakhale mwazula. Dryer ya sensa yomva chinyontho cha zovala ikamaima zovala zisanaume, pukutani tizitsulo tiwiri ta mkati pafupi ndi kasefa ndi kansalu ka viniga. Madzulo, pamene aliyense wayatsa sitovu, magetsi amafooka m'makomboni ambiri. Akatsika kuchoka pa 230 kufika pa 200, elementi imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake, ndiye zovala zimachedwa kuuma makina alibe vuto lililonse. Umitsani mmawa kapena masana.

Podikira kuti ikonzedwe, nkhani ya matewera ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa makinawo. Nthawi ya mvula ino ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, makamaka zimene zili ndi kafungo ka mkodzo kapena thukuta. Mwana akavala, kamphutsi kamaboola khungu n'kumakula momwemo, pamatupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Amene anaonapo mwana akulira ndi zimenezi kumsana sangaiwale. Musayanike pa udzu kapena pa maluwa. Yanikani pa waya, padzuwa likatuluka, ndipo chilichonse chokhudza thupi la mwana muchisite mbali zonse ziwiri, m'misoko ndi m'malastiki momwe. Simbi ya makala imagwira ntchito yomweyo malaiti akapita. Kutentha kwa dryer kumaphanso mazirawa, n'chifukwa chake sindingakuuzeni kuti dryer ndi chinthu chongodzionetsera pa nyumba imene ili ndi khanda.

Tsopano tinene kuti mmisiri wapeza kuti kukonza kukufuna ndalama zoyandikira theka la mtengo wa yatsopano, kapena dramu yachita dzimbiri. Apo mugule, ndipo mitundu ilipo itatu.

Woyamba ndi wa paipi, umene umataya mpweya wonyowa panja. Ndi wotsika mtengo pogula, mkati mwake mulibe zambiri, ndipo mmisiri aliyense wodziwa sitovu ndi mafani amautha. Kuipa kwake ndi mayuniti. Umakoka mawati 2,000 kapena kupitirira, ndipo katundu mmodzi wodzaza amatha kudya mayuniti 3 mpaka 5 malinga ndi kukula kwa makina. Umafunanso zenera kapena bowo kukhoma, apo ayi chipinda chimachita nkhungu. Wachiwiri ndi wa condenser, umene madzi umasonkhanitsa m'kathanki koti muzikhuthula mukamaliza. Ndi wabwino pa nyumba ya lendi imene eni ake salola kuboola khoma, koma mayuniti sumapulumutsa, ndipo kathanki kakadzaza makina amaima, anthu n'kuganiza kuti afa. Wachitatu ndi wa heat pump. Umenewu uli ndi kompresa yonga ya fuliji, umadya pafupifupi theka la magetsi a enawo kapena kucheperapo, ndipo suwononga zovala chifukwa sutentha kwambiri. Koma ndi wodula, umatenga nthawi yaitali, ndipo mbali yake ya kompyuta sigwirizana ndi magetsi obwera mwankhanza.

Kwa inu amene dryer muziyatsa miyezi ya mvula yokha, Novembala mpaka Epulo, ine ndingasankhe wa paipi, wosavuta, wa makilogalamu 7 kapena 8 ngati banja ndi lalikulu. Ndalama zimene heat pump imapulumutsa pa mayuniti zimabwerera msanga kwa anthu oyatsa dryer tsiku lililonse chaka chonse. Pa nyumba zingatenge zaka zambiri. Kumbukiraninso 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku damu la magetsi la Kariba ndipo malaiti ankabwera maola ochepa patsiku. Masiku otero mumafuna makina oumitsa msanga magetsi akangooneka, osati otenga maola atatu. Pokhapokha ngati muli ndi sola yamphamvu, apo heat pump ndi imene inverter ingainyamule, chifukwa wa paipi umagwetsa ma inverter ang'onoang'ono a m'nyumba nthawi yomweyo.

Dzina la kampani lisakutengeni mtima kwambiri. Kaya ndi Defy, Hisense, Samsung kapena LG, funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti lamba, elementi ndi thermostat za modelo imeneyo zimapezeka kuti. Masipeya ambiri amachokera ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500, ndiye makina amene sipeya yake iyenera kuitanitsidwa kunja kwa dziko adzakhala pakona mpaka mvula itatha. Funsaninso kuti galanti ikafunika makinawo amakonzedwera kuno kapena mudzawakweza basi nokha. Pepala la galanti likhale lodindidwa. Zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera kunja, werengani kachitsulo kolembedwa ka kumbuyo kapena pachitseko. Pafunika palembedwe 220 mpaka 240 V ndi 50 Hz. Za ku Japan ndi za 100 V, za ku America ndi za 60 Hz ndipo zambiri zimafuna waya wakewake, ndiye zimenezo zisiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji.

Yakale kapena yatsopano, ipatseni soketi yakeyake ya kukhoma. Dryer ya paipi imakoka pafupifupi 10 amp kwa ola lonse, ndipo ma extension a pamsika amasungunuka. Ikani chotetezera magetsi chimene chimachedwetsa kuyatsa malaiti akabwera, koma muone kuti ndi cha 13 amp kapena kuposa, chifukwa tina ta fuliji ndi tochepa mphamvu. Malaiti akapita ili mkati mogwira ntchito, zulani pulagi, tsegulani chitseko, mutulutse zovala ndi kuzitambasula, osazisiya mulu zili zotentha. Zovala zimene zagwera petulo, palafini kapena mafuta ophikira zisalowe mmenemo, chimodzimodzinso za siponji ndi mphira. Neti yoteteza udzudzu imaumitsidwa pamthunzi basi. Majuzi a sukulu a ubweya amafupika, ndipo zitenje zimakhalitsa mtundu mukaziumitsa pa kutentha kochepa.

Chinanso chimene chimapulumutsa mayuniti kuposa mtundu wa dryer ndi kufinya. Ngati makina anu ochapira amazungulira ka 1,200 pa mphindi pofinya, zungulitsani matewera ndi matawulo kawiri musanawaike mu dryer. Ngakhale kambali kofinyira ka twin tub kamathandiza kwambiri. Zochapa pamanja zikudontha madzi zisalowe, ndipo dramu isadzaze kupitirira theka ndi pang'ono kuti zovala zizigubuduka momasuka.

Mukayeretsa paipi ndi kasefa, jambulani kumbuyo kwa makinawo ndi kachitsulo kolembedwa modelo mutumize muno, tione limodzi ngati yanuyo ili ndi kabatani kofiira kapena ndi ya fyuzi.