Mizere yobisika m'galasi la foni: yankho kwa mayi wa usipa ku Senga Bay

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amapikula usipa ku Senga Bay n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Akuti wolemba anali mwana wawo wa fomu 3, iwo amangomuuza zoti alembe. Nkhani yawo ndi iyi: pasanathe chaka, foni yawo yafa tachi kawiri. Koyamba inagwa kuchokera pa thandala n'kung'aluka pakona, inagwirabe ntchito miyezi iwiri, kenaka mbali ya kumanja inaleka kumva chala. Anasinthitsa sikirini. Yatsopanoyo sinagwepo n'komwe, koma mvula itangoyamba inayamba kudzidina yokha, mpaka tsiku lina inaimbira apongozi awo pakati pa usiku. Wokonza mafoni anawauza kuti mizere ya m'kati yadyeka. Ndiye akufunsa kuti: "Mizere yake iti, poti ine ndikayang'ana ndimangoona galasi? Nanga mankhwala opaka pa sikirini amene anyamata akugulitsa aja, ndikapaka angaiteteze?"

Amayi, wokonza uja sanakunamizeni. Mizereyo ilipodi, ndipo pa mafoni ena mutha kuiona ndi maso anu. Zimitsani foni, ipukuteni ndi nsonga ya chitenje, tulukani nayo padzuwa, ndipo muziipendeketsa pang'onopang'ono. Pa mafoni ena, makamaka akale ndi matabuleti otchipa, pamaoneka timadontho kapena timabokosi tosaoneka bwino tondandalikana ngati maso a chilimira. Pa ena simuona kanthu, ndipo chifukwa chake ndichitchula kutsogoloku.

Tigwiritse ntchito chilimira yomweyo. Pansi pa galasi limene mumakhudza pali ukonde wa mizere yodutsa magetsi, ina yopingasa, ina yotsika. Foni imatumiza magetsi ochepetsetsa m'mizeremo nthawi zonse. Thupi lanu ndi madzi ndi mchere, choncho chala chikafika pagalasi chimabako pang'ono magetsi a pamene mizere yakumana, ndipo kachipangizo ka m'kati kamawerenga kuti kusinthako kwachitika pa mphambano iti. Chala sichikhudza mzere weniweniwo ayi, magetsi amachimva kudutsa m'galasi. N'chifukwa chake kamtengo kouma sikatsegula WhatsApp, pomwe dontho la madzi limatha kuipusitsa foni. Mukagwira usipa wauwisi n'kudina ndi chala chonyowa, foni imaona zala zitatu pamene pali chimodzi.

Vuto la opanga linali kupeza chinthu chodutsa magetsi ngati waya koma choonekera ngati madzi a m'nyanja nthawi ya chilimwe. Chimene ambiri amagwiritsa ntchito amachitcha indium tin oxide, pachidule ITO. Magawo pafupifupi 90 pa 100 ndi ochokera ku chitsulo chotchedwa indium, 10 otsalawo ndi a tini. Indium inapezeka ku Freiberg, m'dziko la Germany, mu 1863, ndipo sakumba payokha, amaipeza poyenga zinki. Kupyapyala kwake n'kodabwitsa. Mukagawa milimita imodzi m'magawo 1 miliyoni, gawo limodzi ndi nanomita. Tsitsi limodzi limanenepa pafupifupi mananomita 70,000, pomwe ITO ya pa tachi kawirikawiri siifika ngakhale pa 200. Amaiyala pagalasi kapena pa pulasitiki ya PET, mtundu womwe uja amapangira mabotolo a madzi akumwa, kenaka amajambula mizere podyetsa asidi malo osafunika.

Mawu akuti asidiwo muwasunge, tikumana nawonso.

ITO ndi yofanana ndi mbale yadothi: ndi yolimba, koma siipindika, imathetheka. Ndiponso mizere yonse ija iyenera kukafika ku kachipangizo kowerenga. M'mphepete mwa sikirini, kuseri kwa mkombero wakuda uja, mumadutsa timawaya tosindikizidwa ta siliva kapena kopa, tothithikana ngati mano a chipeso, ndipo kalikonse kamanyamula mzere wake. Kamodzi kakaduka, mzere wonse kuchokera pamwamba mpaka pansi umafa. Ndi zimene zinachitikira mbali ya kumanja ya sikirini yanu yoyamba.

Tsono apa ndi pamene pali yankho la funso lanu. Mizere yosachedwa kuwonongeka chonchi saisiya pambalambanda. Ku fakitale amaikuta ndi kautoto koonekera ka polymer. Polymer ndi dzina la banja lonse la zinthu ngati pulasitiki, labala, guluu ndi vanishi. Mukumbukire momwe akalipentala amapakira vanishi pa tebulo la mlombwa, kungoti iyi ndi yopyapyala kuposa tsitsi kangapo konse, ndipo yambiri amaiumitsa ndi kuwala kwa UV (kuwala kosaoneka ndi maso, kopezekanso padzuwa) kapena ndi kutentha, osati ndi mphepo. Yofala ndi ya mtundu wa acrylic, palinso ya epoxy, ya polyurethane ndi ya silicone. Nzeruyi si yatsopano. Munthu woyamba kulemba za sikirini yomva chala motere anali E.A. Johnson wa ku Malvern, ku England, mu 1965. Ndipo mu 1973, Frank Beck ndi Bent Stumpe a ku CERN, malo ofufuzira za sayansi kufupi ndi Geneva, atapanga yawo ya timizere ta kopa pagalasi, anaikuta ndi vanishi wamba kuti zala zisamakhudze kopayo. Zaka zoposa 50 zapita, ntchito ya kautotoka ikadali yomweyo, kungoti yakula.

Kautotoka kamasenza katundu wambiri kuposa momwe kamaonekera. Kamatchinga kuti mizere isakandike pamene akuigwiragwira ku fakitale. Kamalekanitsa mizere yopingasa ndi yotsika kuti magetsi asalumphe pamene yadutsana. Pamodzi ndi timiyalo tina, kamathandiza kubisa mizere, chifukwa ITO imapinda kuwala mosiyana ndi galasi, ndipo popanda chobisa mukanamaona ukonde pankhope ya mdzukulu wanu pachithunzi chilichonse. Koma ntchito yake yaikulu, kwa ife a m'mphepete mwa nyanja, ndi kuletsa chinyezi.

Siliva akakumana ndi chinyezi pamalo podutsa magetsi amachita zachilendo: amasamuka. Tizidutswa take timasungunuka m'kachinyezi kaja, n'kumayenda kuchoka pa waya wina kupita pa mnzake, n'kumamera timizu tofanana ndi ta mpunga wa pa nazale. Timizuto tikalumikiza mawaya awiri oyandikana, foni imayamba kumva chala chimene palibe. Siliva amadanso akakumana ndi mpweya wokhala ndi sulufule, uja umanunkha ngati dzira lovunda, womwe umatuluka m'zinthu zowola. Ndolo za siliva zimada pa chifukwa chomwechi. Kopa naye amachita dzimbiri lobiriwira. Ndipo ITO, monga ndinanena, anaijambula ndi asidi, kutanthauza kuti asidi wina aliyense wofika pamenepo amapitiriza ntchito yomweyo. Ngakhale guluu woonekera womatira tachi ku galasi amayenera kukhala wopanda asidi, apo ayi amadya mizere imene waigwira, pang'onopang'ono ngati chiswe.

Mnzanga wina wokonza mafoni pa Kamuzu Road amandisungira matachi akufa m'katoni, amadziwa kuti ndimakonda kuwasuzumira. Limodzi ndinalitenga n'kuliika pansi pa galasi lokulitsa zinthu, tochi ili m'mbali. Pakati ponse panali mbee, popanda chilema. Koma pakona ya m'munsi, pamene mng'alu unathera, kautoto kanali katatukuka ngati khungu la munthu wopsa ndi phala, ndipo timawaya titatu tinali bii, kamodzi katadukiratu. Dera lowonongekalo silinali lalikulu kuposa diso la usipa. Foni yonse inafera pamenepo.

Mwina muziti, nyanja yathu si ya mchere. N'zoona, madzi a ku Senga Bay si a ku Beira. Koma thukuta ndi la mchere, ndipo kutentha kwa Salima mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa nokha. Pepani amayi ndinene: foni yosungidwa pachifuwa tsiku lonse padoko imakhala ngati ili m'bafa. Polymer siitsekeratu chinyezi ngati chitsulo, imangochichedwetsa, ndipo kutentha kumachifulumizitsa. Opanga zipangizo amadziwa zimenezi, ali ndi mayeso otchuka oika katundu m'kabati yotentha madigiri 85 ndi chinyezi cha 85 pa 100 kwa maola ambirimbiri, kuti aone ngati kautoto katukuka kapena mizere idyeka. Kautoto kabwino kamapirira. Kopyapyala kwambiri, kosaumitsidwa mokwanira, kapena kosafika m'mphepete, kamagonja msanga.

Ndipo apa ndi pamene ndikuika maganizo anga pa sikirini yanu yachiwiri ija. Masikirini osinthira amabwera m'magulu osiyana mitengo, ndipo wofuna kutchipitsa katundu amayamba kudula zinthu zimene wogula sangazione. Kuwala mumakuona pompo pa benchi, mitundu mumaiona, koma kautoto ka m'kati simungakaone. Ineyo zinandionekera chaka chatha. Ndinagula sikirini yotchipa pa shopu ina m'tauni, ndikudzitama kuti ndapulumutsa ndalama ya thiransipoti. Miyezi ya mwera inadutsa bwinobwino. Mvula itagwa, zilembo za m'munsi mwa kiyibodi zinangoti zii, ndipo ndinalipira kawiri. Zotchipa zimadula, akuluakulu amatero pamsika.

Kamatidwe nakonso kali ndi mbali yake. Pa mafoni ambiri atsopano mizere ya tachi ili m'kati mwenimweni mwa sikirini yoonetsa zithunzi, n'chifukwa chake okonza amasintha chonse pamodzi. Akachiika, amachimata ku felemu ndi guluu. Guluuyo akasiya mpata, kapena mwini foni akaumirira kuitenga asanaume chifukwa minibasi ikunyamuka, chinyezi chimapeza khomo, ndipo chimafikira pa timawaya ta m'mphepete pomwe paja.

Nanga mankhwala opaka aja? Sungani ndalama zanu. Amakhala kunja kwa galasi, pomwe mizere ili kuseri kwake, ndipo sangafikeko. Chimene amachita n'kuterereretsa galasi kwa kanthawi. Foni yatsopano imabwera kale ndi kautoto kena kakunja, ka polymer yokhala ndi fluorine, koletsa mafuta a zala kukakamira. Kameneko kamatha ndi kupukutapukuta, ndipo kakatha sikirini imagwira zidindo za zala msanga, koma tachi siifa nazo. Anthu amasokoneza tiutoto tiwiriti. Kakunja n'ka ukhondo, kam'kati ndiye kogwira moyo wa tachi, ndipo kam'katiko palibe wa pamsika angakapakenso. Chenjeraninso ndi maprotekita omatira guluu wamadzi woumitsa ndi kanyale ka UV: womata akachulutsa, guluuyo amayenderera kulowa m'sipika ya kukhutu ndi m'mabatani.

Protekita wamba wa galasi, ameneyo ndi wothandiza, pamodzi ndi kava yotchinga makona, chifukwa amalandira nkhonya m'malo mwa galasi lenileni. Ndipo ngati galasi lang'aluka kale ndalama yosinthira isanapezeke, mateni protekita pamwamba pa mng'aluwo tsiku lomwelo kuti thukuta ndi madzi a nsomba zisapeze njira yapafupi. Sikirini yanu yoyamba ija inakupatsani miyezi iwiri ya chenjezo.

Musanathamangire kukagula sikirini yachitatu, yesani kaye zinthu zochepa, chifukwa kudzidina kokha kuli ndi zoyambitsa zina. Onani ngati imapenga ili pa chaja pokha. Chaja yosalongosoka, kapena magetsi a jenereta ndi invata zina, zimatumiza phokoso la magetsi limene tachi imaliyesa chala. Mukaizula n'kukhala bata, vuto si sikirini. Chotsani protekita wakale ngati pansi pake palowa madzi. Iikeni foni pa tebulo losalala muone ngati yatupa pamimba, popeza batire lotupa limakankha sikirini kuchokera m'kati, ndipo limenelo ndi loopsa, lisinthidwe msanga. Wokonza ayang'anenso kalamba kolumikiza sikirini ku bolodi, nthawi zina kamangofuna kutsukidwa ndi kukhazikidwa bwino.

Mu imelo munatchulanso kuti mwana wanu anaikwirira foniyo m'thumba la mpunga usiku wonse. Mpunga tili nawo wambiri ku Lifuwu, koma ntchito yake ndi ya m'poto. Suyamwa chinyezi chimene chalowa kale pansi pa galasi, ndipo fumbi lake limatseka pa chaja. Ngakhale a Apple amauza eni mafoni awo kuti asamaike mu mpunga. Foni ikanyowa izimitseni, ipukuteni, muisiye pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa kapena pa malata.

Mukapita kukasinthitsa, funsani wokonza kuti ali ndi masikirini a mitengo ingati, ndipo ngati thumba lilola musatenge yapansi penipeni. Mugwirizane masiku oti mubwerere ikavuta. Isiyeni igone komweko yomangidwa ndi malabala mpaka guluu aume, mukaitenge mawa lake. Padoko, iikeni m'kajumbo kotseka pakamwa, m'kachikwama ka m'chiuno, ndipo madzulo muziitulutsamo ipume, chifukwa jumbo nayo imachita thukuta m'kati. Tachi imamva chala ngakhale kudzera m'jumbo yopyapyala, choncho wogula akakutumizirani ndalama pa foni mutha kuona uthengawo manja ali mamba okhaokha. Apongoziwo muwapepesere m'malo mwa siliva.