Abwana akudula "explain me" m'makalata anga: kodi angondida?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mlembi pa ofesi ina ku Lilongwe. Dandaulo lake ndi ili: "Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE, ndipo mawu ndimadziwa ambiri. Koma kalata iliyonse ndikalemba, abwana amaibweza itachita psuu ndi inki. Dzana adula 'Please explain me the procedure', 'We discussed about the budget' ndi 'I look forward to hear from you'. Ndikafunsa chalakwika amangoti sizikumveka bwino. Kodi pali lamulo, kapena angondida?"

Achemwali, sanakudeni ayi. Malo onse atatu adulamo molondola, kungoti chifukwa chake sakutha kukuuzani. Mawu amene mwasankha ndi oyenera, palibe lolakwika matanthauzo. Chavuta ndi zimene mwaika pambuyo pa mneni. Mneni aliyense wa Chingerezi ali ndi anzake amene amalola kuyenda nawo, ndipo ali ndi ena amene safuna n'kuwaona komwe. Kusukulu tinkaloweza mawu ndi tanthauzo lake basi, za anzakewo osatiuza kwenikweni.

Ndiyambe ndi "explain me", chifukwa apa mpamene Chichewa chathu chimatikola bwino. Ife tili ndi msintho wa mneni womchitira, uja wa -ir- ndi -er-. Phika amasanduka phikira, gula amasanduka gulira, lemba amakhala lembera, fotokoza amakhala fotokozera. Mukangophatikiza kachidutswa kameneka, munthu amalowa m'chiganizo popanda kugogoda: ndiphikireni nsima, ndigulireni mchere, ndifotokozereni ndondomeko. Pafupifupi mneni aliyense amalola. Ndiye mutu ukazolowera ufulu umenewu, umaganiza kuti Chingerezi nachonso ndi chopatsa chomwecho.

Chingerezi chilibe kachidutswa kotere. Chili ndi gulu la aneni amene amalola munthu kubwera pompo pambuyo pawo: "give me the file", "tell me the truth", "show me the receipt", "send me the minutes", "buy me airtime". Ndipo chili ndi gulu lina limene limati chinthu chiyambe, munthu abwere pambuyo atagwirizidwa ndi "to": "explain the procedure to me", "describe the thief to us", "suggest a date to the committee". Muone kuti "tell" ndi "explain" matanthauzo awo ndi oyandikana kwambiri, koma mayendedwe awo ndi osiyana. "Give the church money" zimatheka, koma "donate" amafuna "donate money to the church".

Kusiyanaku kuli ndi mbiri yake. Mu 1066 anthu a ku Normandy, dera la ku France, motsogozedwa ndi William, analanda dziko la England, ndipo kwa zaka zambiri Chifalansa ndicho chinali chiyankhulo cha kunyumba yachifumu ndi kumakhoti. Mawu ochuluka a Chifalansa ndi Chilatini analowa m'Chingerezi. Aneni akale aafupiafupi aja, monga give, tell, send, ndi amene kawirikawiri amalola munthu pafupi. Obwerawa, monga explain, describe, donate, ambiri amakana. Koma musadalire kwambiri mbiriyi ngati lamulo, chifukwa "offer" ndi "promise" ndi obwera koma amalola, pomwe "say" ndi mwini mudzi weniweni koma amakana: simunganene "say me".

Za "discussed about" wapalamula ndi "za". Ife timati tinakambirana za bajeti, ndiye dzanja limalemba "about" lokha. Ndi "talk" kapena "speak" mukanakhoza, "we talked about the budget". Koma "discuss" safuna mperekezi, ndi "we discussed the budget" basi. Chosokoneza n'chakuti dzina lochokera ku mneni yemweyo limamufuna mperekeziyo: "a discussion about the budget". N'chimodzimodzi "request": mneni amati "I request leave", dzina limati "a request for leave". "Emphasise the point", koma "put emphasis on the point". Makalata ambiri ofunsira ntchito amene ndawerengapo amagwera pa "I would like to request for", ndipo olembawo ndi anthu ophunzira ndithu.

Palinso mbali ina, pamene Chichewa sichifuna mperekezi koma Chingerezi chimaumirira. Timamvera wailesi, timadikira basi, timafunsira ntchito. Iwo amati "listen to the radio", "wait for the bus", "apply for a job". Apa palibe chofotokoza chambiri, nkungoloweza.

Tsopano chachitatu chija, chimene ine ndimachiona ngati msampha weniweni. M'Chingerezi muli ma "to" awiri ofanana nkhope. Wina ndi uja wa "to go", "to eat", wofanana ndi ku- wathu wa kupita, kudya. Wina ndi mperekezi, uja wa "to Zomba". Pambuyo pa mperekezi, mneni amavala -ing nthawi zonse. "To" wa mu "look forward to" ndi mperekezi, ndiye chiganizo chanu chinayenera kukhala "I look forward to hearing from you". Njira yowasiyanitsira ndi yapafupi: yesani kuika dzina la chinthu pambuyo pake. "I look forward to Christmas" zikumveka, ndiye kuti ndi mperekezi, ikani -ing. "I want to Christmas" sizikumveka, ndiye kuti ndi winayo. Yesani pa "object to" ndi "committed to", muona kuti nawonso amafuna -ing.

Vutoli limakula chifukwa ife ku- mmodzi yemweyo amagwira ntchito paliponse. Ndikufuna kupita, ndamaliza kulemba, ndimapewa kukongola. Chingerezi chimagawa: want, decide, hope, refuse amatenga "to", pomwe enjoy, finish, avoid, consider amatenga -ing. Ndipo pali aneni ochepa amene amalola zonse ziwiri koma tanthauzo n'kusintha. "He stopped smoking" ndiye kuti wasiya fodya. "He stopped to smoke" ndiye kuti anaima panjira kuti asute. Mukasokoneza pamenepa, mungayamikire munthu kuti wasiya fodya pomwe utsi uli tolotolo kukamwa. "Remember to lock the office" ndi kukumbutsa munthu kuti akhome. "I remember locking the office" ndi mawu a munthu amene akudziteteza m'mawa kutapezeka kuti kompyuta yasowa.

Ndipatuke pang'ono pa "borrow me", poti ndikudziwa kuti wina afunsa. Kubwereka kwathu kumayang'ana mbali zonse ziwiri: ndibwereke cholembera, ndabwereka cholembera kwa mnzanga. Chingerezi chili ndi aneni awiri, "lend me a pen" ndi "borrow a pen from someone". Ine munthu akandiuza "borrow me your pen" pamzere wa ku banki ndimangomupatsa, sindiyamba kumuphunzitsa galamala. Tonse tamvana, ndipo ku Zambia ndi ku South Africa mudzamvanso anthu akutero. Koma kalata ya ofesi imapita kwa anthu amene sakukudziwani, ndipo amakuyezani ndi zimene zili papepalapo.

Nkhani ya mayendedwe a aneni si ya lero. Mngelezi wina, A. S. Hornby, ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan, ndipo anaona kuti ophunzira ake amadziwa matanthauzo koma ziganizo zimawakanika, monga momwe zikukuchitikirani inumu. Anasanja aneni m'magulu 25 potengera zimene zimabwera pambuyo pawo, n'kuika zizindikiro zake mu dikishonale imene inatuluka ku Japan mu 1942, kenako ku Oxford mu 1948. Dikishonale ya Oxford ya ophunzira ija ambiri tinkaiona mulaibulale ya kusekondale inachokera pamenepo. Pambuyo pake John Sinclair ndi anzake pa yunivesite ya Birmingham anaika mawu mamiliyoni mu kompyuta kuti aone mmene anthu amalembera ndi kuyankhulira zenizeni, ndipo dikishonale yawo ya COBUILD inatuluka mu 1987. Chimene chimandisangalatsa pa ntchito yawo ndi chakuti aneni oyenda mofanana nthawi zambiri amakhala pachibale m'matanthauzo. "Trick him into signing", "force him into signing", "talk him into signing": onsewa ndi okankhira munthu kuchita chinthu. "Prevent her from going", "stop her from going", "discourage her from going": onsewa ndi otchinga. Ndiye kuloweza kwake sikuchita kukhala kwa mmodzimmodzi ngati kutola mapira otayika, mumatola ndi ngala yomwe.

Chochita chake nachi. M'kabuku kanu ka mawu atsopano musamalembe "explain" kenako "kufotokoza" n'kusiyira pomwepo. Lembani "explain something to somebody", "accuse somebody of something", "congratulate somebody on something". Madikishonale ambiri a ophunzira, ngakhale a pa intaneti amene mungatsegule pa foni, amaonetsa zimenezi pafupi ndi zitsanzo, kungoti maso athu amathamangira tanthauzo n'kudumpha mzere umenewo. Makalata aja abwana anafiiritsa musataye, muli mndandanda wa aneni amene akukuvutani inuyo panokha.

Ndipo poti mumalemba maminitsi a misonkhano, chenjerani ndi "suggest", ndiye akubwera kutsogoloku. "Advise" amalola "she advised us to postpone", koma "suggest" salola "she suggested us to postpone". Lembani "she suggested postponing the meeting" kapena "she suggested that we postpone the meeting".