Kwa achimwene a ku Luchenza ofuna gemu ya mafumu yosewera anthu asanu ndi mmodzi

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mulipo anthu 6, aliyense ndi laputopu yake ngakhale zina ndi zotopa, munayesa Hearts of Iron IV kamodzi, ndipo mpaka lero awiri mwa inu akungopatsana moni wa pakamwa. Mukufuna kudziwa gemu yoti musankhe, komanso mmene mungasewerere osadana. Ife kuno ku Chitakale takhala tikukumana Loweruka masana kwa nthawi ndithu, tinayamba tili asanu ndi atatu, tinatsala anayi, kenaka tinabwereranso pa asanu ndi awiri. Ndiye zimene ndikuuzenizi zina ndinaziphunzira mtima ukuwawa.

Tengani Europa Universalis IV. Hearts of Iron IV ndi yabwino, koma imayamba mu 1936 misasa itadziwika kale, Germany uku, Britain uku, Soviet Union uko, ndipo zokambirana zimakhala zochepa. Amene wagonja amagonjeratu madzulo amodzi, basi azingoonera anzake. Crusader Kings III ndi ya maukwati ndi kuphana mwachiwembu, mnzako akakuphera mwana wolowa ufumu zimakhala ngati wakulodza. Victoria 3 ndi ya chuma ndi mafakitale, ndipo malaputopu otopawo adzalira nayo. Europa Universalis IV inatuluka mu 2013, yopangidwa ndi a Paradox a ku Stockholm, ndiye makina akale amainyamula. Imayamba pa 11 Novembala 1444 n'kukatha mu 1821. Zaka zonsezo zikutanthauza kuti amene wamenyedwa lero ali ndi nthawi yodzuka n'kudzabweza, ndipo zimenezi ndi zimene zimasunga gulu.

Za ndalama ndingodutsamo. Aliyense ayenera kukhala ndi gemu yakeyake pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, koma ma DLC, zowonjezera zodula zija, agule munthu mmodzi yekha amene azikhala host, woyambitsa gemu kuti ena alowemo, chifukwa onse olowa m'gemu yake amazigwiritsa ntchito. Sonkhani, ndipo dikirani nthawi imene Steam imatsitsa mitengo, cha mu Juni kapena cha ku Khirisimasi. Host akhale amene ali ndi laputopu yamphamvu, sola ndi batire, osati amene amalongolola kwambiri. Musanayambe onani zilembo zinayi za checksum pa tsamba loyamba, zoonetsa ngati magemu anu ndi ofanana, zikasiyana simulowa. Liwiro likhale pa 2 pakakhala nkhondo, pa 3 pakakhala mtendere, ndipo gemu izidzisunga yokha chaka chilichonse. Kusewera sikudya bandulo yambiri, chovuta ndi netiweki yodukaduka. Wina akaduka imitsani gemu mumudikire, chifukwa dziko likasiyidwa m'manja mwa kompyuta mwini wake amalipeza litasintha mabwenzi ndiponso lili ndi ngongole.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya udani.

Gemu iyi imakulipirani chifukwa chokhala ndi mdani. Dziko lililonse limasankha ma rival, kapena kuti adani, mpaka atatu, mayiko ofanana nalo mphamvu, ndipo amene mwamusankhayo simungachite naye mgwirizano. Mukamamutsekera malonda, kumunyoza, kumulanda zigawo kapena kumuchititsa manyazi pa nkhondo, nambala yotchedwa power projection imakwera, ndipo ikafika 50 mumalandira mapointi owonjezera mwezi uliwonse. Ndiye mnzanu akakuikani pa mndandanda wa ma rival, sikuti wakumbukira za ndalama ya kabaza imene simunamubwezere. Akungochita zimene gemu ikufuna. Ife tinagwirizana kuti munthu akasankha mnzake ngati rival azinena mokweza, onse amve, tiseke, kenaka tipitirize. Udani wolengezedwa sunayambanitsepo anthu kwathu kuno. Chimene chinatiyambanitsa ndi ubwenzi.

Linali tsiku la chiperoni, phiri losaoneka n'komwe, tonse titavala majuzi m'chipinda. Ine ndinali Austria, alamu anga anali Poland, ndipo tinali pa mgwirizano kuyambira pachiyambi pofuna kutsekereza Ottoman. Titapuma pang'ono, alamuwo anatuluka ndi mnyamata wa Ottoman ati kukagula chinangwa chokazinga kumsika. Anabwera ndi nanazi, akuseka. Sindinaganize kanthu, nanaziyo ndinadya nawo. Titayambiranso, Ottoman anandilengezera nkhondo, uthenga woitana abwenzi unapita ku Poland, ndipo alamu anga anadina kukana. Ndinawayang'ana, iwo maso pa sikirini, amvekere: “Alamu, asilikali anga atopa.” Vienna inazingidwa ine ndikuona. Pambuyo pake ndinamva kuti anapatsidwa ndalama za m'gemu, ndipo zonse zinapanganidwa pa nanazi paja.

Kukanako sikumene kunandipweteka. Gemu yokha inawalanga, mgwirizano unatha, ulemu wa dziko lawo unatsika. Chinandipweteka n'choti dzulo lake, tikudya nsima kwathu, anali atandilumbirira pamaso pa mlongo wawo kuti sadzandisiya. Ndinakhala milungu itatu osapita, ndipo mayi a kunyumba anachita kufunsa ngati tayambana za munda.

Kuchokera pamenepo tinaika malamulo, ndipo ndikupemphani kuti anuwo muwalembe musanadine batani loyambira, osati mkangano utabuka, chifukwa nthawi imeneyo aliyense amafuna lamulo lomukomera. Loyamba, kunama n'kololedwa. Kunong'onezana panja, kulonjeza zabodza, kugulitsana, zonsezo ndi gemu. Koma pangano limene lalembedwa pa gulu lathu la WhatsApp, lokhala ndi chaka chothera, siliphwanyidwa. Mwachitsanzo: France ndi Castile samenyana mpaka 1500. Ikakwana 1500, aliyense adziwe yekha. Pangano lopanda chaka ndi mphepo chabe, ndipo amene walikhulupirira asadandaule. Chinanso, malumbiro a kunja sawerengedwa. Osalowetsamo Mulungu, ubale, ngongole kapena mowa wogulirana. Amene wanena kuti “ukandimenya sindikubwereka njinga yamoto” waluza ulemu wa gulu lonse.

Mukamaona kuti kutembenukirana n'kuipa mtima, kumbukirani kuti mafumu enieniwo ankachita zomwezo. Mu 1536 François I wa ku France, mfumu yachikatolika, anagwirizana ndi Suleiman wa Ottoman pofuna kupanikiza banja la Habsburg lolamulira Austria ndi Spain, Ulaya yense n'kugwira pakamwa. France ndi Austria analimbana zaka zoposa 200, koma mu 1756 anagwirana chanza n'kutembenukira Prussia. Ngakhale kwathu konkuno, Muzura wa Amaravi anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi mu 1608, iwo anamuthandiza kugonjetsa Lundu mu 1622, ndipo patangopita zaka ngati khumi anali akumenyana ndi Apwitikizi omwewo cha ku Quelimane. Alamu anga amakonda kwambiri nkhani imeneyi, mukudziwa chifukwa chake.

Lamulo limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse ndi ili: munthu sathetsedwa. Mukapambana nkhondo yolimbana ndi mnzanu, gemu imakulolani kufuna zinthu mpaka 100 peresenti ya warscore, nambala yoonetsa mmene mwapambanira. Ife tinadula pakati, osapitirira 50, ndipo likulu la munthu silitengedwa. Tengani zigawo ziwiri zitatu, tengani ndalama, muchititseni manyazi, koma musiyireni dziko loti Loweruka likudzalo akwere minibasi ali ndi chifukwa. Truce, nthawi yoletsa kumenyananso imene imabwera nkhondo ikatha, imakhala ya zaka zisanu mpaka 15 malinga ndi zimene mwalanda, ndipo ife sitilola kuiphwanya pa munthu mnzako ngakhale gemu imalola. Anthu anayi amene anatithawa poyamba paja, atatu anachoka chifukwa anamezedwa, osati chifukwa ananamizidwa. Ngati wina watheratu ndithu, mwina wamezedwa ndi kompyuta, asankhe dziko lina lopanda mwini alowenso tsiku lomwelo.

Palinso za dyera. Mukamalanda zigawo, mayiko oyandikana nanu amasunga mkwiyo umene gemu imautcha aggressive expansion, ndipo ukafika 50 amatha kupanga coalition n'kukugwerani onse pamodzi. Wa kompyutawo mumauona ndi maso pa mapu, ndipo umatsika pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Wa anthu ulibe nambala, ndipo sutsika. Tinali ndi mphunzitsi wina wodziwa gemu kuposa tonse, anatenga France, pofika 1520 anali atadya Burgundy, theka la Italy ndi gombe la England. Ichi chakoma, ichi chakoma. Palibe anapangana poyera, koma tsiku lina anangoona tonse asanu tili m'malire mwake, ndi amene ankadana omwe. Ndiye katswiri wa gulu lanu musamupatse France kapena Ottoman. Mupatseni Brandenburg kapena Florence, avutike. Wongoyamba kumene atenge Portugal, kumene angaphunzire zombo ndi malonda popanda womupuma m'khosi, kapena Castile. Ndipo pa anthu 6 musalole mgwirizano wa anthu oposa awiri, pokhapokha ngati mukugwetsa amene wakula kwambiri. Mukangogawikana atatu uku atatu uku, gemu yafa, mwabwerera ku Hearts of Iron komwe munathawa. Pachibale kapena anthu ogona nyumba imodzi muwaike kutali ndi kutali pa mapu, apo ayi muwachititse kukhala ma rival kuyambira tsiku loyamba.

Ndikudziwa kuti wina mwa inu adzafuna Maravi. Inde ilipo pa mapu, pamodzi ndi Lundu, Tumbuka, Makua, Mutapa ndi Kilwa, ndipo kuona dzina la Lundu m'gemu yopangidwa ku Sweden, ife amene chigwa cha Shire timachionera pamwamba tikakhala ku Thekerani, kumakoma. Koma osati pa ulendo woyamba. Mmodzi akakhala kuno anzake asanu ali ku Ulaya, adzakhala yekhayekha zaka zoposa makumi asanu, luso lili m'mbuyo, kudikira zombo za Portugal, ndipo zikadzafika sizidzabwera kudzacheza. Ulendo wachiwiri bwerani kuno nonse. Mutapa ili ndi golide, Kilwa ili ndi gombe ndi malonda, Maravi ili pakati ndi minyanga, ndipo mkangano wake umakoma kuposa wa ku Ulaya chifukwa mayina ndi akwathu.

Ngati mukufuna kuyesana mitima musanawononge ndalama, pali Diplomacy, gemu ya pabolodi ya Allan Calhamer imene inatuluka mu 1959. Mayiko ndi 7, imayamba mu 1901, malo opatsa mphamvu ndi 34 ndipo wopambana ndi amene wagwira 18. Mulibe mwayi wa madayisi, zonse ndi pakamwa. Imaseweredwa ulere pa foni kudzera pa webDiplomacy kapena Backstabbr, kusuntha kamodzi pa tsiku, bandulo yake yochepa kuposa ya Facebook. Poti muli 6, Italy isakhale ndi mwini, kapena pezani wachisanu ndi chiwiri. Koma ndikuchenjezeni, imeneyi ndi yowawa kuposa Europa Universalis, chifukwa simungapambane osapereka mnzanu. Awiri osalankhulanawo ayambe agwirana chanza.

Musapangane zofika 1821. Gemu iyi ili ngati kalongonda, siipsa ndi nkhuni za tsiku limodzi, ndipo pa liwiro la 2 maola anayi amakupatsani zaka makumi awiri kapena atatu basi. Panganani kuti mukaima pa 1550, mukaone amene ali pamwamba, kenaka musinthane mayiko kuti mdani wa ulendo uno adzakhale woyandikana ndi wina.

Mukafuna kuona ndi maso, ife timayamba 1 koloko Loweruka. Kwerani minibasi ya ku Muloza pa Luchenza pomwepo, mutsike pa Chitakale, mundilembere ndidzakutengeni. Mubwere ndi ekisitenshoni yanu chifukwa masoketi ndi awiri okha. Venice ilibe mwini pakali pano, ndipo ili pafupi ndi alamu anga, amene ulendo uno ndi Ottoman.