Pit bull wabwera pakhomo, alamu akuti timutsekere mumdima: ndikuyankha mayi a ku Ntcheu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Ntcheu, chakufupi ndi Lizulu uko, ndipo andilola kuti ndiwayankhe pano poti funso lawoli silachilendo. Dzina sinditchula. Analemba chonchi, ndadulako pang'ono:

"Bambo a kunyumba abwera ndi kagalu ka pit bull kuchokera ku Lilongwe, akuti kali ndi masabata 7. Tili ndi ana awiri, wina zaka 3 wina zaka 8, komanso timaweta nkhuku. Chaka chatha akuba anatibera kawiri nde cholinga ndi choti kazilondera. Alamu anga akuti tikatsekere m'kanyumba ka mdima anthu asamakaone, komanso tizikathirira tsabola m'chakudya kuti kakule kolusa. Ine ndili ndi mantha, ndimamva kuti agalu amenewa amatembenukira eni ake. Nditani?"

Mayi, mantha anuwo musawataye, ndi amene akuthandizeni. Koma chimene chandiopsa ine mu imelo yanuyi ndi malangizo a alamu anuwo, kagaluko pakadali pano kalibe mlandu. Ine si dokotala wa ziweto, ndine munthu wamba wa pa Dedza boma pano amene wakhala ndi pit bull zaka 5 tsopano, dzina lake Kachewere chifukwa ali kamwana mutu wake unali ngati mbatata ya pa Bembeke kkkk. Zina zimene ndinene pano ndinaziphunzira ndi misozi komanso ndi ndalama.

Tiyambe ndi galuyu kuti ndi ndani, poti apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Makolo ake anachokera ku England m'zaka za m'ma 1800, anthu ankakweretsa agalu a mtundu wa bulldog ndi a mtundu wa terrier. Poyamba masewera ake anali okhwirizira agalu pa ng'ombe yomangirira, boma linaletsa zimenezo mu 1835, nde anthu aja anangosintha n'kuyamba kumenyanitsa agalu okhaokha m'kabwalo kotchinga mobisa. Kenako mtunduwu unapita ku America komwe bungwe la United Kennel Club linayamba kuulemba m'kaundula mu 1898. Ndiye taonani, galu ameneyu anamupangira ndewu ndi nyama zinzake, ntchito ya ulonda sinali yake. Nchifukwa chake pit bull ambiri munthu amamukonda mopusa kumene, Kachewere mlendo akafika amagona chagada kuti amukande pamimba, koma aone mbuzi, mphaka kapena galu mnzake, thupi lonse limauma ngati chitsulo. Zoti nsagwada zake zimakiya akaluma ndi bodza lamkunkhuniza, nsagwada zake ndi chimodzimodzi za galu wina aliyense. Zoona zake ndi zoti akagwira safuna kusiya, amapukusa mutu, ndipo ngakhale amalemera makilo 15 mpaka 27 basi, zonsezo ndi mnofu wokhawokha. Ku Britain anachita kumuletsa ndi lamulo mu 1991. Sindikukuopsezani, ndikungofuna mudziwe kuti cholakwika chimene kwa galu wachikuda chimathera pa kabala ka pa mwendo, kwa uyu chimathera ku chipatala.

Tsopano za mdimazo. Kagalu kali ndi nthawi yochepa kwambiri, kuyambira masabata 3 mpaka 12 kapena 14, imene mutu wake umalandira chilichonse kuti ichi nchabwinobwino, uyu ndi munthu, iyi ndi njinga. Nthawi imeneyi ikadutsa, chimene sikanachionepo kamachiopa, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma osachenjeza. Kanuko katsala ndi masabata 5 kapena 7 okha. Mukakatsekera mumdima mudzapezadi galu wolusa, alamu sakunama pamenepo, koma adzakhala wolusa kwa aliyense. Nde tawerengani anthu amene amalowa pa geti lanu pa chaka. Wakuba kawiri. Anzake a mwana wanu wa zaka 8 uja tsiku ndi tsiku, mayi ogulitsa tomato, wowerenga mita ya madzi, apongozi, a mpingo obwera kudzazonda matenda. Galu wokulira mumdima sadziwa kuti uyu ndi wakuba uyu ndi agogo. Tsabola amangomuotcha m'mimba n'kumutsegula, ena amafika pomupatsa chamba, amenewo akungomudyetsa poizoni basi.

Chochita nchosavuta koma chimafuna tsiku lililonse. Khalani nako pakhonde madzulo anthu akudutsa. Aliyense wobwera mumupatse kausipa kamodzi akapatse yekha, amuna, amayi, ana, wovala chipewa, wa ambulera, wa ndodo. Kanyamuleni m'manja mupite nako pa msewu kaone a kabaza, njinga zamoto, ngolo, kamve phokoso la chigayo chapatali. Kakachita mantha musakakamize, bwererani m'mbuyo pang'ono, mawa mudzayesenso. Muzikagwira makutu, mapazi, kukatsegula kukamwa, kuti kadzazolowere tsiku lopita kwa a veti.

Ndanena kuti m'manja, ndipo ndibwereze, m'manja, osati pansi. Ndisanakhale ndi Kachewere ndinali ndi kena kamphongo, kokongola kofiirira. Wondigulitsa anati kanabayidwa kale, khadi sanandipatse, inenso sindinafunse. Chifukwa cha matama ndinayenda nako pansi mpaka ku msika anyamata akundichemerera. Patatha masiku 4 kanakana chakudya, usiku kanayamba kusanza, m'mawa kutsegula m'mimba kwa magazi, fungo lake mayi mpaka lero ndikalikumbuka ndimasiya nsima. Kanagona pa saka paja maso atalowa m'kati, ndikakaitana kankangogwedeza nsonga ya mchira. Tsiku lachitatu ndinakakwirira kuseri kwa nthochi. Amenewo ndi matenda a parvo, kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambirimbiri ndipo kamabwera ngakhale ndi nsapato. Ndiye funsani bambo ngati anapatsidwa khadi la katemera, ngati palibe tengani kuti sikanabayidwe. Katemera woyamba wa parvo ndi matenda ena a agalu otchedwa distemper amabaya pa masabata 6 mpaka 8, kutanthauza kuti sabata ino, kenako kubwereza pakatha masabata 3 kapena 4 aliwonse mpaka kafike masabata 16. Wa chiwewe ndi pa miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. Yambirani ku ofesi ya zaziweto pa boma, ngati wa parvo alibe akuuzani kopita, ku Lilongwe kuli a bungwe losamalira nyama la LSPCA komanso madokotala ena a ziweto. Katemera amafuna kusungidwa mozizira, wa munthu woyenda naye m'thumba la jekete musamukhulupirire. Mankhwala a njoka za m'mimba masabata awiri aliwonse mpaka kakwane miyezi 3, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6. Nkhupakupa muzichotsa, ndipo mukaona nkhama zayera ngati pepala thamangani nako. Panado ndi Brufen musayerekeze kukapatsa, zimapha agalu.

Pa chiwewe ndionjezere chimodzi poti muli ndi ana: galu aliyense akaluma munthu, wanu kapena wa eni, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda mphindi 15 kenako ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione mawa.

Chinthu china chimene anthu a ku Lilongwe ogulitsa agaluwa sakuuzani ndi kuzizira. Pit bull ubweya wake ndi waufupi ngati wometa, nde kuno kwathu ku Dedza ndi kwanu ku Lizulu, Juni ndi Julayi chifunga chija chikatsika, kagalu ka masabata 7 pa simenti panja simungakapeze bwino m'mawa. Miyezi yoyambayi kazigona m'katoni m'nyumba olo m'khitchini, pansi saka, pamwamba kabulangete ka pa kaunjika. Kalira masiku atatu oyamba, pirirani. Kakangodzuka, kakangodya, kakangomaliza kusewera, tulukani nako pamalo amodzi omwewo kakadzithandize, kakatero kayamikireni. Zokhutiza mphuno pa mkodzo zija siyani.

Chakudya kanayi pa tsiku mpaka miyezi 3, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Gaga yekha ndi mkute wa dzulo sizikwana, miyendo imapindika. Ngati thumba lilola gulani chakudya cha ana agalu cha m'shopu, ngati ayi phala lolimba losakaniza usipa wosinja, dzira lowiritsa, zam'kati zophika za ku butchala, dzungu pang'ono. Anyezi ayi, choncho ndiwo zotsala za pa tebulo samalani nazo, chokoleti ayi, mafupa ophika a nkhuku ayi chifukwa amasweka ngati singano, mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba.

Kuphunzitsa kwenikweni ndi mawu atatu okha poyamba, bwera, khala, siya, ndipo banja lonse lizinena chimodzimodzi, osati bambo Chingerezi inu Chichewa. Mphindi 5 zokha, katatu pa tsiku, kausipa m'dzanja. Mwa atatuwa amene adzapulumutse moyo ndi siya. Kakagwira nsapato kapena chingwe musalimbane nako, ikani kausipa pamphuno nenani siya, kakalavula kapatseni, kenako kabwezereninso chingwe chija. Kamaphunzira kuti kusiya kulibe luzi. Chitani zimenezi kambirimbiri kadakali ka makilo 4, chifukwa pa makilo 25 simudzakambirana nako. Ndipo galu amene mwamuitana n'kubwera musamumenye olo atalakwa bwanji, mukatero mwaphunzitsa kuti kubwera kumapweteka.

Kaziluma manja, zimenezo yembekezerani, makamaka poti anakachotsa kwa make msanga, bwenzi atadikira masabata 8, kumeneko ndi kumene ana agalu amaphunzitsana okhaokha kuti apa waluma kwambiri. Mano akakhudza khungu masewera athe pompo, imirirani, tembenukani, pakapita kanthawi kapatseni chingwe chokhuthala kuti kazitafuna. Mano a ubwana amagwa pa miyezi 4 mpaka 6, nthawi imeneyo masilipasi anu bisani. Bambo muwauze asamasewere nako zogwetsana ndi manja, komanso zimene amachita anyamata zolendeweretsa galu pa tayala kuti aoneke wamphamvu pa Facebook, pakhomo pa ana ayi.

Pa mwana wa zaka 3 uja ndilibe nthabwala. Iye ndi galu asatsale awiriwiri, olo mphindi imodzi yoti mukaphule mphika, lero ngakhale galuyo atadzakwana zaka 10 ali wofatsa ngati nkhosa. Mwana wa msinkhu umenewo amakoka mchira, amakwera pamsana, amapisa dzanja m'mbale, ndipo nkhope yake ili pa mlingo wa kamwa ya galu. Galu akamadya kapena akagona, ana kutali. Inu akuluakulu muzidutsa pafupi ndi mbale n'kuponyamo kanyama, kazidziwa kuti munthu akayandikira mbale zinthu zimaonjezekera.

Nkhuku zanuzo muzikaonetsa tsiku ndi tsiku kali pa chingwe, kakayang'ana nkhuku n'kutembenukira kwa inu, usipa. Zimathandiza koma musadzagone tulo. Kachewere anakula ndi nkhuku zanga osagwirapo ngakhale imodzi, ndinafika podzitama. Ali ndi chaka ndi miyezi iwiri mbuzi ya aneba inalowa pa kampata ka mpanda wa udzu kamene ndinkangoti ndikonza mawa, ndinali kubafa, pamene ndimatuluka ndi sopo m'maso nkhani inali itatha. Ndinalipira mbuzi yabere, tinakafika mpaka kwa amfumu, ndipo aneba aja anakhala miyezi osandiyankha moni. Mtima wa ndewu ndi nyama zina umatuluka galuyu akamakhwima, pakati pa chaka chimodzi ndi zitatu, nthawi imene iwe wayamba kumukhulupirira. Ndiye mpanda wolimba wautali, geti lotseka bwino, poyenda chingwe nthawi zonse. Kumusiya pa tcheni usana wonse n'kumumasula usiku aziyendayenda m'mudzi ndi njira yachidule yopitira ku polisi. Muziyenda naye m'mawa ndi madzulo atope, galu wotopa savuta. Za kuthena mukambirane ndi a veti, koma makutu ndi mchira musadule, sizionjezera kanthu.

Za akubazo ndikuuzeni chilungamo. Chimene chimathandiza ndi mbiri yoti pakhomo paja pali pit bull komanso kuuwa kwake, ndipo galu woleredwa bwino amauwa ndithu usiku akamva zachilendo, sasowa tsabola. Koma akuba a masiku ano amaponya nyama ya tameki pa mpanda, ndipo mtundu uwu ndi wadyera, umameza kaye kuganiza pambuyo. Kachewere amagona m'khonde lotchinga pafupi ndi chitseko chifukwa cha chomwecho. Amene amayamba kuuwa pakhomo panga ndi kagalu kachikuda kowonda kamene ndinapatsidwa ulere ku Linthipe.

Mukhale pansi ndi bambo usiku uno muwafunse kuti woyenda naye m'mawa uliwonse kwa zaka 12 kapena kuposa ndi ndani, chifukwa ndikudziwa mmene zimathera, wobweretsa galu ndi bambo koma wophika phala ndi mayi. Ngati yankho likuvuta, kubweza kagalu ka masabata 7 sikochititsa manyazi, wa zaka ziwiri wosamva ndi amene palibe amamufuna. Alamuwo musakangane nawo, apatseni ntchito yokonza mpanda poti akufunitsitsa kuthandiza. Mukakabayitsa mundilembere tsiku lake ndikuwerengereni la jekeseni wachiwiri, ndipo chithunzi musaiwale, ndione kaye ngati ndi pit bull weniweni, poti ku Lilongwe masiku ano kagalu kalikonse ka mutu waukulu akungoti pit bull.